Kusankha bolodi la snowboard lolimba, lothamangira phiri lonse

M'masitolo a zamasewera a pachipale chofewa mumapezeka mabolodi a snowboard, amene munthu amaimapo ndi mapazi onse awiri potsetsereka paphiri, ndipo ambiri ndi olembedwa kuti all-mountain. Awa ndi oyenda paliponse paphiri: m'njira zosalazidwa ndi makina, m'mbali mwa njirazo momwe chipale chavundulidwa ndi anthu, pakati pa mitengo ndiponso pa mitumbira yolumphira. Pakati pawo pali gulu lina lopangidwira munthu wokonda liwiro, amene amakhota pogoneka bolodi chammbali mpaka chitsulo cha m'mbali mwake n'kulemba mzere umodzi woonda pachipale. Mabolodi a gulu limeneli ndi ouma, olemererako, ndipo safuna munthu woima chilili n'kumayembekezera kuti bolodi limuyendetse. Mukalikanikiza limakugwirani bwino pamalo oterera pomwe ena akugwa. Mukalilekerera limakugwetsani ndi ilo lomwe.

Musanatulutse ndalama, dziyeseni pa zinthu zitatu. Kodi mumatsika njira zovuta, zokhala ndi chizindikiro chofiira ku Ulaya kapena chakuda ku America, mosinthasintha mbali ya zala ndi ya chidendene popanda kukankha mwendo wam'mbuyo kuti mchira wa bolodi uzungulire? Mukayang'ana m'mbuyo, kodi mzere umene mwasiya ndi woonda, osati chikhwawa chotakata chosonyeza kuti mumakwakwaza? Nanga ntchafu zanu zimapirira kukhala mutapinda mawondo kuchokera pamwamba mpaka pansi? Ngati yankho ndi ayi pa ziwiri mwa izi, bolodi lofewerapo lidzakuphunzitsani msanga kuposa louma, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Yambani ndi jombo

Anthu ambiri amayamba ndi bolodi chifukwa ndilo looneka, koma kukula kwa jombo ndiko kumalamula bolodi loti mugule. Imani chidendene chitagunda khoma, mupime phazi lalitali mwa awiriwo kuchokera kukhoma kufika kunsonga ya chala chachitali, mu masentimita. Nambala imeneyo ndiyo saizi yanu ya Mondo, imene makampani ambiri a jombo za snowboard amalemba. Phazi la masentimita 27 lifuna jombo ya 27, osati 28 "kuti zala zipume". Jombo yatsopano iyenera kukhudza zala mukaima mowongoka, kenako zala zibwerereko pang'ono mukapinda mawondo. Zofewa zamkati mwake zimaphwa pakapita masiku angapo, ndiye jombo imene munaimva bwino kwambiri m'sitolo imadzakhala yaikulu. Chidendene chikamadzuka mkati mwa jombo, mphamvu yanu imathera m'menemo isanafike ku bolodi, ndipo pabolodi louma vutoli limamveka kwambiri. Tengani jombo youmirapo, yogwira kakolo, ndipo muziiyesa mutavala sokosi imodzi yopyapyala yomwe mudzavale paphiri.

Jombo ikapezeka, onani kutakata kwa bolodi. Makampani amalemba kutakata kwa pachiuno, pamalo oonda kwambiri pakati, mu mamilimita. Mabolodi ambiri a amuna amakhala pakati pa 248 ndi 257, ndipo olembedwa kuti wide amayambira pafupifupi 260 kupita m'mwamba. Wovala Mondo 29, yomwe ndi UK 10 kapena US 11, ali kale m'malire ofunika bolodi lotakata. Komabe mapazi anu saima pachiuno, amaima pomwe pali mabowo olowetsamo masikuluwu a zomangira mapazi, ndipo pamenepo bolodi ndi lotakatirapo. Njira yotsimikizika ndi kuika jombo pabolodi pa ngodya yomwe mudzaimire. Zala ndi chidendene zitulukire kunja pang'ono mofanana, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka mbali iliyonse.

Apa ndi pamene wothamanga ayenera kusamala kuposa munthu wongoyenda pang'onopang'ono. Mukagoneka bolodi kwambiri pokhota, jombo yotuluka mopitirira imakhudza chipale, imanyamula chitsulo cha m'mbali, ndipo mumapezeka muli pansi musanadziwe chachitika. Bolodi lotakata mopyola muyezo nalo lili ndi vuto lake: limachedwa kusintha kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo akatumba amatopa msanga. Pa zolakwika ziwirizi, wokonda kugoneka bolodi ndi bwino alakwire kotakatirapo.

Kutalika kumatsatira kulemera kwanu

Lamulo lakale loti bolodi lifike pachibwano lisiyeni. Bolodi limapindika ndi makilogalamu anu, osati ndi msinkhu wanu. Kampani iliyonse imasindikiza tchati chosonyeza kulemera koyenera saizi iliyonse, ndipo tchati cha bolodi lomwe mukulifunalo ndicho muyenera kuwerenga. Poyambira chabe, mwamuna wa makilogalamu 75 amagwera pakati pa masentimita 156 ndi 159, wa makilogalamu 90 pakati pa 160 ndi 163, ndipo mkazi wa makilogalamu 60 pakati pa 146 ndi 150. Yesetsani kukhala chapakati pa malire a tchaticho. Mukakhala kumunsi kwenikweni, simudzatha kulipinda bolodi louma kuti likhote, ndipo lidzangofuna kupita molunjika. Mukakhala kumtunda kwenikweni, lidzafewa pansi panu n'kuyamba kunjenjemera liwiro likakwera.

Ngati saizi ziwiri zonse zikukuyenerani, yaitaliyo imakhazikika bwino pa liwiro ndi m'chipale chakuya, pomwe yaifupiyo imakhota msanga pakati pa mitengo. Kusiyana kwa masentimita atatu kumamveka ndithu. Palinso mabolodi aafupi koma otakata kwambiri, monga Ride Warpig, amene amapangidwa kuti muwatenge aafupi kuposa saizi yanu yamasiku onse. Amenewo musawapime ndi manambala ali pamwambawa.

Mapindikidwe a bolodi

Goneketsani bolodi pansi posalala n'kuliyang'ana chammbali. Zimene muone apo ndizo zimasiyanitsa mabolodi kuposa china chilichonse.

Bolodi la camber limadzuka pakati ndi mamilimita angapo, n'kukhudza pansi malo awiri okha, pafupi ndi mphuno ndi pafupi ndi mchira. Mukaimapo, kulemera kwanu kumaliwongola, ndipo bolodi limakankhira malekezero ake onse awiri m'chipale. Chifukwa chake chitsulo chonse cha m'mbali chimagwira, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mukamaliza kukhota, bolodi limabwerera m'chimake mwamphamvu n'kukuponyerani m'kukhota kotsatira. Kumva kumeneko ndiko othamanga amafuna, ndipo palibe mapindikidwe ena amene amakupatsa mokwanira ngati camber. Burton Custom X ndi chitsanzo chodziwika cha bolodi louma la camber yonse.

Mtengo wake ndi wakuti malo awiri okhudza pansi aja amakola msanga. Mukatopa n'kulola bolodi kugona chafulati likuyenda chopingasa, chitsulo cha kumunsi kwa phiri chimaluma chipale ndipo mumamenyeka pansi mwadzidzidzi, chafufumimba kapena chagada. Kugwa kotereku ndiko kumathyola mikono pafupi ndi dzanja ndi kugunditsa mutu. M'chipale chakuya chongogwa kumene, camber imakankhiranso mphuno pansi, ndiye mumayenera kutsamira mwendo wam'mbuyo mpaka ntchafu kuwotcha.

Rocker ndi zotembenuza: bolodi limakhudza pansi pakati n'kudzuka kumalekezero. Silikola msanga ndipo limayandama bwino, koma pamalo ouma ndi pa liwiro limasowa chogwira. Kwa munthu amene tikumunena pano, rocker yonse si yoyenera.

Mabolodi ambiri amasiku ano amasakaniza ziwirizi, ndipo apa ndi pomwe ogula amasokonezeka, chifukwa kusakaniza kulipo kwa mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Woyamba uli ndi camber pakati pa mapazi ndi rocker kumphuno ndi kumchira. Uwu umagwira pafupifupi ngati camber yonse, koma malekezero odzukawo amachepetsa kukola ndipo amathandiza mphuno kukwera pamwamba pa chipale chovundulidwa. Capita Mercury ndi Jones Flagship ali m'banja limeneli. Wachiwiri uli ndi rocker pakati pa mapazi ndi camber pang'ono pansi pa phazi lililonse, monga C2 ya Lib Tech. Uwu umazungulira mosavuta ndipo umayandama, koma mukauyendetsa chafulati pa liwiro umakhala ngati ukufuna kutembenuka wokha, makamaka m'tinjira topapatiza tolumikiza mbali za phiri. Ena amazolowera n'kuukonda. Koma ngati cholinga chanu ndi liwiro ndi kugwira pamalo ouma, tengani wokhala ndi camber pakati. Funsani wogulitsa funso limodzi lomveka: pakati pa mapazi pali chiyani? Mayina amalonda amene makampani amapereka ku mapindikidwewa ndi ambirimbiri, koma funso limeneli limawaulula onse.

Kuuma kwake, ndi zomwe zili mkati

Makampani amapereka nambala ya kuuma kuyambira 1 mpaka 10. Mabolodi a gulu lathuli amakhala pa 7, 8 kapena 9. Dziwani kuti palibe muyezo umodzi womwe onse amatsatira, kotero 7 ya kampani ina ikhoza kufanana ndi 6 kapena 8 ya ina. Yesani ndi manja. Imikani mchira pansi, gwirani mphuno ndi dzanja limodzi, kankhani pakati ndi linalo. Kenako panani mchira ndi mapazi n'kupotokola mphuno. Kuyesa kwachiwiriku ndiko anthu amaiwala, chikhalirecho kuuma kwa popotokola ndiko kumachititsa kuti chitsulo chisasiye chipale pamalo oundana. Bolodi louma popotokola limamva msanga mukasuntha phazi, koma limavuta kukhotetsa mukamayenda pang'onopang'ono, mwachitsanzo pa mitumbira yothithikana kapena pamzere wopita ku lifiti yokwezera anthu paphiri.

Mtima wa bolodi ndi matabwa omatidwa pamodzi, kawirikawiri poplar, paulownia wopepuka, nthawi zina nsungwi kapena beech pomwe pakufunika mphamvu. Pamwamba ndi pansi pa matabwawo pamayalidwa fiberglass. Yolembedwa kuti biax ili ndi ulusi wopita mbali ziwiri ndipo imapotokoka mosavuta. Triax ili ndi ulusi wopita mbali zitatu, kuphatikizapo wopingasa pa madigiri 45, ndipo ndiyo imaumitsa bolodi popotokola. Pa bolodi lothamangira, fufuzani triax. Timizere ta carbon timawonjezera kudumpha ndi kumva msanga, koma carbon yochuluka popanda rabala kapena zina zomeza kunjenjemera imachititsa kuti mapazi amve chibuma chilichonse cha m'njira. Bolodi lolemererako nthawi zambiri limadutsa bwino m'chipale chovundulidwa cha masana kusiyana ndi lopepuka kwambiri, choncho musathamangire kupepuka kokha.

Munthu wopepuka thupi asakakamire 9 chifukwa choti ndi katswiri. Kwa iye 7 imagwira ntchito imene 9 imagwira kwa munthu wa makilogalamu 95. Azimayi ali ndi mabolodi awo oonderapo pachiuno komanso opimidwa molingana ndi kulemera kwawo, monga Burton Feelgood ndi Flagship ya azimayi ya Jones, ndipo si ofooka ayi.

Kaumbidwe, ndi chipale chomwe mudzakumane nacho

Bolodi lofanana mbali zonse ziwiri, twin, ndi la munthu amene amayenda chobwerera kawirikawiri ndi kulumpha mozungulira. Directional lili ndi mphuno yaitali, mchira woumirapo, ndipo mabowo omangira anasunthidwa chakumbuyo ndi mamilimita pakati pa 10 ndi 25, nthawi zina kuposerapo. Ena mchira wake ndi woonda kuposa mphuno, zomwe zimaumiza pang'ono m'chipale chakuya kuti mphuno idzuke. Pakati pa awiriwa pali directional twin. Ngati mumayenda chobwerera mwa apo ndi apo chabe, directional kapena directional twin ndiye wanu.

Manambala ena awiri ali pa tchati ndipo ndi ofunika. Loyamba ndi sidecut radius, kukula kwa bwalo limene m'mbali mopindika mwa bolodi mungajambule, mu mamita. Mabolodi ambiri ali pakati pa 7 ndi 9. Pafupi ndi 7 bolodi limakonda kukhota mofupika ndi mwachangu, ndipo pa liwiro lalikulu likhoza kukhota mwadzidzidzi kuposa momwe munafunira. Kupitirira 8 limakonda kukhota motalika ndi modekha. Lachiwiri ndi effective edge, utali wa chitsulo chomwe chimakhudzadi chipale bolodi likagona chammbali. Mabolodi awiri a masentimita 158 akhoza kusiyana kwambiri apa ngati limodzi lili ndi mphuno yaitali, ndipo lokhala ndi chitsulo chogwira chachitali ndilo lidzakhazikike pamalo ouma.

Tsopano ganizirani moona mtima za phiri limene mudzapiteko kawirikawiri, osati limene mumalilota. Ku Scotland, monga ku Cairngorm ndi Glenshee, mphepo imaumitsa chipale ndipo malo oundana ndi ochuluka. Chimodzimodzi kum'mawa kwa United States, ku Vermont. Kumeneko camber ndi chitsulo chogwira ndizo zofunika, ndipo ndi komwe m'mbali mwa mafunde mumathandiza. Magne-Traction ya Lib Tech ndi GNU, kapena Traction Tech ya Jones, ndi chitsulo chokhala ndi timafunde ngati ta mpeni wa buledi, kuti chilume malo angapo nthawi imodzi. Ku Hokkaido ku Japan, kapena kumadzulo kwa Canada, chipale chakuya chimagwa kawirikawiri, ndiye mphuno yaitali yodzuka ndi mchira woonderapo zimapulumutsa mwendo wam'mbuyo. Ku Alps mudzapeza zonse m'tsiku limodzi: kouma m'mawa, kovundulidwa masana. Camber pakati ndi rocker kumphuno imayenera bwino kumeneko.

Kwa amene ali ku South Africa ndipo amapita ku Afriski ku Lesotho pakati pa June ndi August, njira yaikulu kumeneko ndi ya pafupifupi kilomita imodzi ndipo chipale chambiri ndi chopangidwa ndi makina. Kwa amene ali ku England ndipo amayeserera m'nyumba, monga ku The Snow Centre ku Hemel Hempstead, kutsetsereka kwake ndi kwa mamita 160. Malo oterewa simufika pa liwiro loti bolodi la kuuma kwa 9 liyambe kugwira ntchito yake. Kuuma kwa 6 kapena 7 ndi camber pakati kudzakusangalatsani kwambiri.

Pulasitiki ya pansi pa bolodi ilipo ya mitundu iwiri: sankhani sintered osati extruded. Sintered ndi yolimba, imamwa wakisi, ndipo imathamanga kwambiri bola muziisamala. Ikayamba kuyera m'mbali mwa zitsulo, yauma. Sungunulani wakisi ndi simbi pa kutentha kolembedwa pa paketi, kawirikawiri pakati pa madigiri 120 ndi 150, osaimitsa simbi malo amodzi ndipo osalola utsi kutuluka. Dikirani lizizire, palani ndi chopalira cha pulasitiki, kenako pukutani ndi burashi kuchoka kumphuno kupita kumchira.

Zomangira mapazi ndi kaimidwe

Zomangira zofewa pa bolodi louma ndi ndalama zotayika, chifukwa zimapindika zokha bolodi lisanamve. Tengani za kuuma kofanana ndi bolodi ndi jombo. Onaninso mabowo: mabolodi ambiri ali ndi mabowo oyalidwa mwa dongosolo lotchedwa 2x4 kapena 4x4, pomwe a Burton ali ndi ngalande ziwiri zotchedwa The Channel. Zomangira zambiri zimabwera ndi disiki yolowa ku mitundu yonseyi, koma za Burton zolembedwa EST zimalowa pa Channel pokha. Gwiritsani ntchito masikuluwu obwera ndi zomangirazo. Aatali mopitirira amakankha pansi pa bolodi n'kutulutsa chotupa, aafupi amagwira mano ochepa n'kuzuka. Amangeni ndi dzanja, osati ndi makina, ndipo muziwayesa m'mawa uliwonse chifukwa kunjenjemera ndi kuzizira zimawamasula.

Yambirani pa mabowo amene kampani inalemba ngati poimira pake, chifukwa kupindika kwa m'mbali kunapangidwa mozungulira pamenepo. Pa ngodya (madigiri a + ndi zala zopendekera kumphuno, a - ndi zopendekera kumchira), ambiri othamanga amaika phazi lakutsogolo pa +18 kapena +21, lakumbuyo pakati pa -6 ndi +6. Ngodya ya +15 ndi -15 ndi yabwino poyenda chobwerera, koma imavuta kutembenuzira chiuno kutsogolo pokhota mwamphamvu mbali ya chidendene. Chotsamira cha kumbuyo kwa katumba chiweramitseni kutsogolo pang'ono, kadino kamodzi kapena tiwiri. Izi zimachititsa kuti mbali ya chidendene igwire msanga ndipo zimakukakamizani kupinda mawondo. Mukachiweramitsa kwambiri, akatumba amapweteka musanafike masana. Sinthani chinthu chimodzi panthawi, mutsike kangapo, kenako musinthe china.

Zitsulo za bolodi latsopano zimakhala zakuthwa kale. Ponola, ngodya ya m'mbali ya madigiri 88 kapena 89 ndi ya pansi ya digiri imodzi ndi zoyenera. Ngati mphuno kapena mchira ukukola poyamba kukhota, bunthitsani pang'ono ndi mwala wofewa wa rabala kupitirira malo okhudza pansi aja, masentimita awiri kapena atatu basi. Musatengere tupa pakati pa mapazi kuti mubunthitse, chifukwa mudzachotsa chinthu chomwe munagulira bolodili. Pukutani zitsulo mukaweruka kuti zisachite dzimbiri.

Chipewa choteteza mutu chikhale ndi chizindikiro cha EN 1077 kapena ASTM F2040. Ndipo bolodi lotha kuyenda kunja kwa njira zolonderedwa silikupatsani luso lodziwa malo amene chipale chingagumuke. Kumeneko kumafunika maphunziro, kachipangizo kofufuzira wokwiririka, ndodo yofufuzira, fosholo ndi mnzanu wodziwa kuzigwiritsa ntchito.

Kuyesa musanagule, ndi kugula logwiritsidwapo ntchito

Masitolo ambiri a m'munsi mwa mapiri amabwereketsa mabolodi atsopano oyesa, ndipo ena amachotsa ndalama yobwerekayo pa mtengo mukagula. Yesani ndi jombo zanu, pa ngodya zanu. Litengereni pamalo ouma m'mawa, kenako pamalo ovundulidwa cha m'ma 2 koloko masana miyendo itatopa. Bolodi lililonse limakoma pa njira yosalala ya m'mawa. Lomwe mukhoza kuliyendetsabe bwino masana ndilo la msinkhu wa mphamvu zanu. Mabolodi a chaka chatha amatsika mtengo nyengo ikamatha, cha mu March ndi April kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo nthawi zambiri chomwe chasintha ndi zojambula zapamwamba zokha.

Pogula logwiritsidwapo ntchito, pemphani kuti zomangira zichotsedwe, chifukwa ming'alu imabisala pansi pake. Ligonekeni pansi muone ngati camber ikadalipo. Lomwe laphwa n'kugona fulati latha mphamvu. Yendetsani chala m'zitsulo zonse kufufuza pothyoka kapena pobonyokera mkati, makamaka pansi pa mapazi pomwe miyala imamenya. Finyani m'mbali mwa mphuno ndi mchira kuti muone ngati zigawo zayamba kulekana, popeza madzi akalowa m'matabwa bolodi limawola mkati. Zokala zosaya za pansi zimadzazidwa mosavuta ndi pulasitiki yosungunula yotchedwa P-tex, koma bala lofika pamatabwa lomwe lili mogundana ndi chitsulo limavuta kukonza kuti likhalitse. Lowetsani sikuluwu m'bowo lililonse ndi zala: ikakana kulowa kapena ikangozungulira osagwira, mano a bowolo anatha. Pomaliza yang'anani makulidwe a chitsulo chammbali pochiyerekeza ndi cha bolodi latsopano. Chikaonda kwambiri ndiye kuti chanoledwa kambirimbiri, ndipo sipatsala choti munole nyengo ikubwerayi.